Chimene Chinkadya Bandulo Yanga

Laputopu imene ndinali nayo ku Rumphi anandisiyira ndi mwana wanga wamwamuna, mmodzi yekhayo amene ndinabereka, pamene ankapita ku Joni kukasaka ntchito. Anaigula kwa munthu ali pakoleji. Inali yakuda, yolemera, batani limodzi litathothoka, ndipo batire yake inkafuna kuinyengerera. Asananyamuke ananditsegulira imelo n'kundiphunzitsa kulumikiza dongulo, kachipangizo konga fulashi kamene tinkalowera nako pa intaneti masiku amenewo. Anati foni kumeneko ndi yodula, choncho azindilembera.

Poyamba analembadi. Makalata ataliatali, ofotokoza misewu, kuzizira, ndi mmene anthu akumeneko amayendera mothamanga ngati asiya mphika pamoto. Kenako makalatawo anayamba kufupika, mizere iwiri, mzere umodzi, mpaka zii. Nambala ya foni imene anandipatsa inasiya kulowa. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, ine osamva kanthu.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ananditumiza ku Rumphi kukatayipa makalata mu ofesi ina pa Boma pomwepo, bambo ake a mwanayo atamwalira kale, ndipo ndinakhalitsako mpaka amayi a mumsika anatopa kuseka Chitumbuka changa n'kumangondiyankha m'Chichewa mondimvera chisoni. Kompyuta ndinkaidziwa mmene munthu amadziwira basi: kukwera ndi kutsika, za m'injini ayi.

Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkachita zomwezomwezo. Kuvula nsapato, kuika madzi pambaula, kutulutsa mpando pakhonde chifukwa m'nyumba netiweki sinkafika bwino, kulumikiza dongulo, kudikira kuti kanyali kake kasiye kuphethira. Kenako kutsegula imelo. Ndinkapezamo anthu ondiuza kuti ndawina mphoto m'mayiko amene sindinapondeko, koma za mwana wanga ayi. Ndinkatseka n'kukaphika. Sindinganene kuti ndinkayembekeza kwambiri. Ndinkangoopa kuti tsiku limene ndidzasiye kuyang'ana ndi lomwe kalata idzafike.

Vuto linayamba nyengo imene wailesi inkanena kuti alendo akuthamangitsidwa ku Joni, mashopu awo akuwotchedwa, ena akubwerera kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. Nyengo yomweyo, pamene ndinkafunitsitsa kuona imeloyo kuposa kale, laputopu inayamba misala. Kanyali ka dongulo kakangokhazikika, fani ya mkati inkayamba kulira, kunsi kwake n'kutentha moti sindikanatha kuiika pamiyendo. Tsamba la imelo linkangozungulira osatseguka. Bandulo imene kale inkandifikitsa patali inkatha ndisanaone n'komwe ngati muli kalata. Batire nayo inkatsika ndikuona, ndipo magetsi a ku Rumphi akati azime safunsa ngati wamaliza. Masiku ambiri ndinkalowetsa mpando m'nyumba osadziwa ngati mwana wanga walemba kapena ayi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kupeza imelo yopanda kanthu.

Woyamba kundithandiza, ngati kumeneko kunali kuthandiza, anali bambo a nyumba yoyandikana ndi yanga, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Anaphunzira ku Khondowe, ndipo sipankapita nthawi yaitali asanakukumbutse zimenezo. Ana awo anawatumizira kompyuta yaikulu imene ankaiphimba ndi nsalu yoyera yopeta n'kumaivundukula Loweruka lokha. Chifukwa cha kompyuta imeneyo mzere wathu wonse wa nyumba unkawatenga ngati dokotala wa makina. Anamva fani ikulira ali kuseri kwa mpanda, anabwera atanyamula magalasi m'manja.

Poyamba anati ndi fumbi, ndipo tinaiuzira m'mabowo ake mpaka ine ndinachita chizungulire. Sizinathandize. Kenako anati ndi kachilombo, n'kundidzudzula mwaulemu kuti ife a m'maofesi timangolowetsa fulashi iliyonse imene yatipeza. Anandionetsa mabatani atatu oti ndidine pamodzi, ndipo panatuluka kazenera kosonyeza zonse zimene makinawo akuchita mwakachetechete. Ndinadabwa. Ine ndinali nditatsegula chinthu chimodzi chokha, koma m'kazeneramo munali mayina ambirimbiri, afupiafupi, ena ofanana, onse ali kalikiliki pa batire yanga. Ndinamva mmene ungamvere utafika kunyumba n'kupeza anthu osawadziwa akuphika m'khitchini mwako.

"Amama, lamulo ndi limodzi," anatero aphunzitsiwo. "Chimene simukuchidziwa, chotsani."

Ndinawauza kuti pamenepo palibe ngakhale chimodzi chimene ndikuchidziwa. Ndiye anasankha okha dzina limene anati likuoneka lokayikitsa, n'kulizimitsa. Tizithunzi tonse ta pasikirini tinasowa nthawi yomweyo, kunangotsala mtundu wabuluu ndi kamuvi. Tinayang'anana. Anavula magalasi, anawapukuta bwinobwino, kenako anakumbukira kuti ali ndi msonkhano wa akulu a mpingo. Ndinazimitsa makinawo n'kuwayatsanso mtima uli m'malere. Zonse zinabwerera, ndipo fani nayo inabwerera ndi kulira kwake.

Komabe kazenera kaja anandisiyira, ndipo kuyambira pamenepo ndikaweruka kuntchito ndinkayamba ntchito ina ya ulonda. Ndinaphunzira mwa kulakwitsa kuti ukadina pamwamba pa mzere wina, mayinawo amafola kuyambira ndi amene akudya kwambiri. Ndisanalumikize dongulo munkakhala bata. Ndikalumikiza, pakapita kanthawi, dzina lina linkanyamuka pansi n'kukwera mpaka pamwamba, likukoka linzake pambuyo. Linali la zilembo zongounjika, losatchulika. Ndikalizimitsa, fani inkapuma, imelo n'kuyamba kutseguka, koma ndisanawerenge mzere woyamba dzinalo linali litabwereranso pansi, likukwera. Ndinkalizimitsa, linkabwerera. Tsiku lina ndinalimbana nalo mpaka madzi a pambaula anauma, poto n'kupserera. Ndinaitukwana laputopuyo ndi mawu a kwathu amene sindingawalembe pano, kenako ndinachita manyazi pokumbukira mwini wake.

Mnzanga wina wa ku ofesi anandiuza kuti pali malo ena pamene ungaletse zinthu kuti zisamadzuke pamodzi ndi makina. Ndinapapeza, ndinaletsa zonse zimene ndinatha kuletsa. Chimene ndinapindula n'chakuti laputopu inasiya kutulutsa mawu. Dzina lija linali pomwepo, lathanzi.

Pafupi ndi msika panali bambo wina woika nyimbo m'mafulashi ndi kukonza mafoni. Ndinamupititsira Loweruka lina. Sanafune n'komwe kumva nkhani yonse. Anati mankhwala ake ndi kufomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuyamba mwatsopano, ndipo anali atayamba kale kusakasaka sidi yofomatira m'kabati. Ndinamulanda laputopuyo m'manja. Pasiwedi ya imelo sindinkaidziwa. Mwana wanga anaisunga m'makinamo kuti azikumbukira okha, ine ndizingodina. Kufufuta zonse kukanakhala kutseka khomo lokhalo limene mwanayo akanandipezera. Bamboyo anaseka, anati ndiye muzikhala nacho chilombo chanucho, ndipo ndinabwerera nacho kunyumba padzuwa.

Kenako ndinaona kamuvi kakuyenda kokha. Linali Lamlungu masana nditabwerako kutchalitchi, manja anga onse awiri ali m'lichero la mtedza umene ndinkaswa. Kamuviko kanachoka pakona, kanayenda pang'onopang'ono mpaka pa kauthenga kena kamene kanali katatulukira m'munsi, kanakatseka, n'kuima. Ndinazula dongulo mofulumira moti mtedza unamwazika pakhonde ponse.

Mkazi wa aphunzitsi aja atamva anati tiipempherere laputopuyo, ndipo ndinawalola chifukwa mphamvu zotsutsana nawo ndinalibe. Amuna awo anati amenewo ndi akuba a pa intaneti, anawerengapo za iwo m'nyuzipepala. Ndinawafunsa kuti akubawo akufuna chiyani kwa mayi wotayipa makalata, zithunzi za kwaya kodi? Koma mantha ndinali nawo ndithu, ndipo kwa masiku angapo sindinalumikize dongulo. Masiku amenewo anandilemera kwambiri, chifukwa wailesi sinasiye kunena za ku Joni.

Panali mayi wina wa ku Mulanje amene ankaphunzitsa makompyuta pa sukulu ina ya sekondale cha ku Phwezi. Tinadziwana pamaliro, mmene timadziwirana ife obwera: ukamva wina akulankhula Chichewa cha kumunsi umasendera pafupi. Ndinamuimbira, anati ndibwere nayo. Ndinakulunga laputopu m'chitenje, ndinakwera minibasi mpaka pa Bwengu, ndinadikira ina padzuwa ndi alimi a fodya amene ankakangana za nkhani zawo m'Chitumbuka chothamanga. Ndinafika kwa mayiyo mutu ukuwawa, ndikudzifunsa kuti munthu wa msinkhu wanga akuyenderanji misewu chifukwa cha dzina losatchulika.

Iye sanapupulume. Anandipatsa madzi, anamvetsera nkhani yonse mpaka ya kamuvi, n'kundiuza kuti ndimuonetse ndekha dzinalo. Atalitsatira mpaka kumene linkakhala m'makinamo, anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, ichi si kachilombo," anatero. "Ndi pulogalamu yabwinobwino, yoti munthu ali kutali azilowa m'makina anu ngati wakhala pampando wanu. Zonse zili pasikirini amaziona. Wina anaiika dala, n'kuibisa kuti isamaonekere."

Anafotokoza kuti pulogalamuyo payokha sidya zambiri. Chimene chinkamaliza bandulo yanga chinali munthu wolowayo. Kuti iye aone sikirini yanga pankafunika intaneti yanga yomweyo, ndiponso akalowa ankalamula makinawo kuti akoke zatsopano zotetezera ku tizilombo, zolemera, kudzera pa kadongulo kanga kofookako. Izi zinamudabwitsa iyenso. Anati sanamvepo za wakuba wolowa m'nyumba kudzasesa. Anandifunsa amene anagwirapo makinawo, ndinati mwana wanga anachita kugula kwa munthu, ndiye mwina ndi mwini wake woyambayo. Anandiyang'ana ngati akufuna kunena china, koma sananene.

Ndisaname, ganizo limene iye anali nalo linandifikira inenso pomwepo. Ndinalikankhira kutali mokwiya. Ndinadziuza kuti mwana amene angathe kusuntha kamuvi ali ku Joni angathenso kulemba kuti amayi ndili moyo. Wanga sangandichite zimenezo. Mayiyo atandifunsa ngati aichotse pulogalamuyo, ndinati chotsani, zandikwana. Asanachotse anandionetsa pamene pasiwedi ya imelo inabisala, anati ndiiloweze pamtima, ndipo ndinkaibwereza chamumtima njira yonse ya kunyumba.

Makina anachira. Fani inangoti phee, batire inayamba kupirira, bandulo inkakhalitsa. Aphunzitsi oyandikana nane aja anabwera kudzaona, n'kunena kuti iwo ananena kale kuti chofunika ndi kuchotsa. Imelo tsopano inkatseguka ndisanakhazikike n'komwe pampando, ndipo inkandiuza msangamsanga kuti mulibe kanthu. Kale ndinkatha kunamizira makina, n'kukagona ndikuganiza kuti mwina kalata ilimo, kungoti sindinaione. Tsopano ndinalibe wonamizira. Ndinaonda nyengo imeneyo, mpaka anzanga a ku ofesi anayamba kundifunsa mozungulira ngati ndinapitako kuchipatala.

Foni inalira tsiku lina m'mawa ndili pakati pa kalata ya abwana. Nambala yake inali yaitali, yakunja. Ndinatuluka nayo panja mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene alonda ankaimika njinga zawo.

"Amayi?"

Mawu ake anali atakhwima, koma ndinawazindikira asanamalize. Ndinakhala pa muzu. Sanapereke moni. Anafunsa ngati ndikudwala, ngati ndinagonekedwa m'chipatala, ngati m'nyumba munalowa akuba. Ndinati ayi, ndili kuntchito, iwe uli kuti, uli bwino? Anati ali bwino, zipolowe zinadutsa pafupi koma iye sanavulale. Kenako anafunsa chifukwa chake laputopu sikuyakanso. Ndinati ndimaiyatsa tsiku lililonse.

"Kuno ikuoneka yozima, amayi. Kadontho kanu kanasiya kuyaka. Ndimayesa mwina…"

Anafotokoza mofulumira, poopa mayunitsi. Pulogalamu ija anaiika ndi iyeyo asananyamuke, kuti makina akandivuta azindikonzera ali komweko. Anaibisa kuti ndisaichotse mwangozi. Ntchito imene anaitsatira ku Joni inali itatha kalekale, ndipo ankangothandiza pa kashopu ka munthu wina wokonza mafoni, n'kumagona kuseri kwake. Pa kompyuta ya pashopupo, ine ndikalumikiza dongulo, kadontho kobiriwira kankayaka pa dzina langa, iye n'kudziwa kuti amayi aweruka, ali pakhonde. Poyamba ankangoyang'ana kadonthoko basi. Zipolowe zitayamba, mantha atamugwira, anayamba kulowa m'makinamo pafupifupi tsiku lililonse, n'kumadzipezera chochita mmenemo kuti akhalitseko.

Ndinamufunsa ngati akalowa ankaona zimene ndinkachita. Anati inde.

"Ndiye unkandiona ndikutsegula imelo?"

"Ndinkakuonani."

"Unkadziwa chimene ndinkafuna mmenemo?"

Anati, "Ndinalibe choti ndilembe, amayi. Ndikanalemba chiyani, kuti ndimagona pa makatoni?"

Chisoni ndinali nacho, chachikulu, koma mkwiyo ndi umene unafika poyamba. Ndinamuuza kuti iye wakhala akugona mtima uli pansi, akudziwa kuti mayi ake ali moyo, pamene ine ndinkamvetsera wailesi ngati munthu woyembekeza uthenga wa maliro. Ndinamuuza kuti wandidyera bandulo, wandikweza maminibasi, wandichititsa kupempherera makina ngati wamisala. Ndinamuuza kuti makatoni sakanandiopsa, ndinagonapo poipa kuposa pamenepo ndili naye kumsana. Ndinakweza mawu moti alonda anasuntha n'kukaima kugeti. Iye ankangoti pepani amayi, pepani.

Nditatopa, anandipempha kuti tiibwezeretse. Anati n'zosavuta, azindiuza pomwe ndidine, ndipo sadzakokanso zinthu zolemera. Anati chizimireni kadontho kaja sakupeza tulo.

Kunena zoona ndinkafuna kuvomera. Mwana wako akakuuza kuti sakupeza tulo, umafuna kuvomera usanaganize n'komwe. Koma ndinaona mmene zikanakhalira: iye kumandiona, ine osamuona, mtima wake kumakhala pansi osandiuza kanthu, zaka n'kumapita choncho.

"Ayi," ndinatero. "Ukafuna kudziwa ngati ndili moyo, uzindifunsa."

"Nanga ndikakhala wopanda mayunitsi?"

"Uzifulasha. Ndiziimba ndine."

Foni inaduka pomwepo, mayunitsi ake atatha, ndipo sindinadziwe ngati mawu omalizawo anawamva. Ndinathamangira kukagula anga, koma pobwerera nambalayo sinkalowanso. Ndinamaliza kalata ya abwana ija ndi zolakwa zambiri moti anandibwezera kuti nditayipenso.

Panapita masabata. Ndinayamba kudzifunsa ngati sindinaumitse mtima mopitirira, ngati sindinadule ndekha kachingwe kokhako kamene kanatsala pakati pa ine ndi iye. Kangapo ndinatulutsa chitenje kuti ndikulunge laputopu ndibwerere ku Phwezi, ndikapemphe mayi uja kuti abwezeretse chimene anachotsa, ngakhale sindinkadziwa ngati zikanatheka popanda mwini wake. Nthawi zonse ndinkachipindanso chitenjecho. Mayunitsi ndinawasunga m'foni osawakhudza, mpaka mchemwali wanga wa ku Ntcheu anadandaula kuti ndinasiya kumuimbira. Foniyo ndinkayenda nayo paliponse, ngakhale kubafa.

Loweruka lina ndikuchapa kuseri kwa nyumba, manja ali thovu lokhalokha, inalira kamodzi n'kusiya. Nambala yaitali. Ndinapukutira manja m'chitenje, zala zikuterereka pa mabatani, ndinaimba. Anayankha isanalire kawiri.

"Amayi, ndimangofuna kumva ngati mwadzuka."

Ndinati ndadzuka. Ndinamufunsa ngati wadya. Ndinamva kuti akufunafuna bodza labwino loti andipatse. Kenako anati ayi, sanadye chiyambire dzulo. Ndinavundikira chidebe pansi, ndinakhalapo, n'kumuuza kuti ayambire pachiyambi, ndikumva.